Seva Imene Donald Anaitcha Yakufa

"Mwaona mmene mwayereramo?" anatero Mayi Lubna, woyang'anira ofesi, ataima pakhomo la sitolo manja ali m'chiuno. "Tsopano munthu akhoza kuyalamo mkeka n'kupemphera."

Donald Namakhwa anasuzumira m'kati. Linali Lolemba m'mawa, ndipo chikwama chinali chikadali paphewa. M'chipinda chimene kampani yawo ya ku Chirimba inkaunjikamo zipangizo zakufa munalibe kanthu. Mamonita osweka, mapulinta akale, mabatire otupa, zonse zinali zitapita. Pakona pamene pankakhala seva, kompyuta yaikulu yakuda yotumikira makompyuta ena, panali pongoti mbee, ndipo waya wabuluu unkalendewera kuchokera kusiling'i wopanda cholumikizako.

"Zapita kuti?" anafunsa.

"Ku Ndirande. Che Mukhtar, ogula zitsulo aja, anabwera Loweruka ndi lole. Bwana akufuna chipinda chino chikhale cholandiriramo makasitomala."

"Ndi yakuda ija yomwe?"

"Makamaka yakuda ija. Amuna amene anainyamula anachita kubuula."

Seva imeneyo inabwera pakampanipo ngati chotsalira cha pulojekiti ina imene inatha. Bwana ataiona anafuna kuti azisungamo mafayilo a masukulu amene kampaniyo inkawakonzera makompyuta. Koma Donald ataitsegula anapeza kuti purosesa yake, ubongo wa kompyutayo, inali ya mtundu wosowa, umene anali atangouwerenga chabe pa intaneti. Purosesayo inali ndi luso loyamba ntchito mongoyesa. Isanayambe, inkasunga pambali manambala onse a m'marejista ake, timalo ting'onoting'ono momwe purosesa imagwiriramo zimene ikuwerengera panthawiyo. Ntchito ikayenda bwino, zotsatira zinkakhazikika. Ikasokonezeka, purosesa inkataya zonse n'kubwezeretsa manambala akale aja, ngati kuti palibe chachitika.

Lusoli linali labwino pa liwiro, koma linkazunza anthu ofufuza zolakwika m'mapulogalamu. Pulogalamu ikafa ili pakati pa ntchito yongoyesayo, wofufuza ankaona mbali imodzi yokha ya manambala, inayo n'kubisika. Donald anaganiza zotseka mpata umenewu. Anayamba kulemba chigamba cha kenelo, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse, imene anthu a m'maiko ambiri amailemba mothandizana potumizirana maimelo. Chigambacho chinali choti kenelo izionetsa wofufuza mbali zonse ziwiri za marejista aja.

Koma woyesa kenelo amagwetsa makina tsiku ndi tsiku, ndipo makina osunga mafayilo a masukulu sayenera kugwa. Donald akanatha kupempha. Anaopa kukanidwa, choncho anasankha njira yachidule. Anauza msonkhano wa ogwira ntchito kuti seva yapsa bodi, chimbale chobiriwira cholumikiza ziwalo zonse za m'kati. Anaikankhira m'sitolo pakati pa zakufa, anadutsitsa waya kusiling'i, ndipo ankaiyatsa pokhapokha magalayinda a owotcherera zitsulo a kuseri kwa mpanda akayamba kulira, kuti mkokomo wa mafani ake oziziritsira usamveke. Zaka zinapita motero. Bodza likakhalitsa osagwidwa, mwini wake amayamba kulitcha nzeru, ndipo pamenepo m'pamene ngozi imagona.

Chigamba chija chinabwezedwa kambirimbiri kuti akonze apa ndi apo. Kenako, Lachisanu lapitalo, Gregorio, munthu wa kutsidya kwa nyanja amene ankayang'anira mbali imeneyo ya kenelo, analemba mawu amene Donald anawadikira zaka zonsezo. Anati chigamba chakhwima. Chinatsala chinthu chimodzi chokha: mbali imene anali atangoisintha aiyese pamakina enieni, pulogalamu ikafa pakati pa ntchito, n'kutumiza zotsatira mlungu uno khomo lolandirira zatsopano lisanatsekedwe. Anawonjezera kuti mwayi wina sudzapezekanso, chifukwa mapurosesa atsopano a mtunduwo sakubweranso ndi luso lija. Donald anapita kunyumba Lachisanulo akuimba mluzu, osakumbuka kuti munthu amalinda madzi apite ndipo aziti ndadala.

"Mayi Lubna," anatero tsopano, maso ali pa waya uja, "seva ija si yakufa."

"Mwati chiyani?"

"Ikugwira ntchito. Yakhala ikugwira nthawi yonseyi."

Mayi Lubna anavula magalasi. "Si inu munatiuza pamsonkhano kuti yapsa? Ndinalipo ine. Munati ngakhale amene anaipanga sangaidzutse."

"Ndinatero."

"Ndiye yauka kwa akufa? Zimenezo n'za kutchalitchi kwanu, a Namakhwa, kuno ndi ku ofesi."

Donald anafotokoza mwachidule, mawu akutuluka mogomagoma. Mayi Lubna anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anayang'ana kusiling'i, n'kuyang'ana khoma la kumbali ya owotcherera aja.

"Ndiye kuti mkokomo uja ndinkadandaula nawo, mpaka ndinakakangana ndi anthu osalakwa kuseriku, wina unali wanu?" Anapukusa mutu. "Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata. Mlomo wanu wakutsatani mpaka m'sitolo. Ine ndinagulitsa chimene katswiri wathu anati n'chakufa."

"Ndikudziwa. Sindikukuimbani mlandu."

"Mungayambire pati?" Anatenga foni n'kuimbira Che Mukhtar. Inaitana mpaka kuduka. Anayesanso, koma sinayankhidwe. "Kumene aliko n'kwa nyundo, sangaimve. Thamangani, mwina simunachedwe. Koma ndikuuzirenitu, ine sindisunga za mumdima. Bwana akabwera kuchokera ku Lilongwe Lachitatu amva, kaya kwa inu kaya kwa ine."

Donald anakwera kabaza wa njinga yamoto. Njira yonse ankadzilimbitsa mtima kuti dzulo linali Lamulungu, kuti mwina zitsulo zikadali mulu umodzi, kuti chinthu cholemera chotero anthu sachiyamba msanga. Anatsika kumunsi kwa msika wa Ndirande, kumene osula zidebe ndi mbaula amakhoma malata mpaka makutu kuchita dzanzi. Anadutsa pakati pa zitseko za magalimoto, masipuling'i adzimbiri ndi mafiriji opanda zitseko, akufunsa aliyense. Onse ankaloza kutsogolo osaleka kukhoma.

Che Mukhtar anali bambo wa ndevu zaimvi, wovala kofia yoyera imene inkadabwitsa kuyera kwake pamalo a dzimbiri ngati amenewo. Anawapeza akuyeza thumba la mawaya pasikelo yolendewera.

"Moni, Che Mukhtar. Ndachokera ku Chirimba, kumene munatenga katundu Loweruka."

"Eya, kwa madamu aukhondo aja. Muli ndi zina, achimwene?"

"Ayi. Ndikufuna makina amodzi akuda, aatali chonchi, olemera kwambiri. Anatengedwa molakwika."

"Chija chokhala ngati bokosi la maliro?" Anaseka. "Chinatithyola misana. Ndinati chinthu cholemera chotere m'kati muli nkhani, ndiye tinayambira chomwecho." Ataona nkhope ya Donald analeka kuseka. "Tiyeni muone nokha."

Anamutsogolera kuseri kwa shedi. Chivundikiro chakuda chinali pamaondo a mmisiri wina, chodulidwa kale pakati, mbali imodzi itapindidwa kuti ikhale thupi la mbaula. Mafani anali atagulidwa ndi munthu woweta nkhuku wa ku Machinjiri. Zitsulo zamkuwa zoziziritsira purosesa zinali m'thumba limodzi ndi mkuwa wina. Ndipo m'thumba lina, pakati pa mabodi obiriwira a mawailesi ndi matelevizioni, munali bodi ya seva, yothyoledwa pawiri.

"Inkakana kulowa m'thumba," anatero Che Mukhtar motsitsa mawu.

Donald anagwada pafumbi. Anatulutsa zidutswa ziwirizo n'kuzigundanitsa pamene zinathyokera, monga amachitira munthu ndi mbale yadothi imene akudziwa bwino lomwe kuti sidzasunganso madzi. Pamalo pa purosesa panali chibowo chophwanyika m'mbali. Che Mukhtar anavundukula chitini cha mkaka n'kutulutsamo purosesa ija, kachitsulo kamakona anayi, kobenthuka pangodya pamene panalowa tchizulo.

"Kuseriku kuli munthu wokonza mafoni, dzanja lake n'labwino," anatero. "Mwina akhoza kulumikiza."

"Sizingatheke. Timawaya take tili m'kati mwa bodi, tosanjikizana ngati masamba a kabichi. Mukuona pamwamba pokha apa."

"Munali chiyani mmenemu? Zithunzi za ukwati? Mayeso a ana asukulu?"

"Zolemba zanga zonse ndili nazo pa laputopu. Chimene ndataya ndi makina oyeserapo. Kuno kwathu sindikudziwa kumene kuli ena otere."

Che Mukhtar anakhala pa injini yakufa n'kumuuza kuti afotokoze bwino, popeza munthu sagwada m'fumbi la Ndirande ndi buluku la ku ofesi popanda chifukwa. Donald anafotokoza za marejista, za ntchito yongoyesa, za purosesa yobwerera pachiyambi ikasokonezeka. Anadabwa kuona kuti aka kanali koyamba kufotokozera munthu nkhaniyi pakamwa, kupatula mkazi wake.

"Imani kaye," anatero Che Mukhtar. "Mukuti makinawa akalakwitsa amafufuta mapazi awo n'kuima ngati sanapite kulikonse?"

"N'chimodzimodzi."

"Akanakhala munthu, bwenzi ali ku Nyumba ya Malamulo." Mmisiri wa mbaula uja anaseka osadzutsa mutu. "Ndiye inu mumafuna kuwagwira asanafufute. Ntchito yabwino. Koma nyundo yanga ilibe luso limenelo, achimwene. Ikatsika yatsika. Ndipo ine ndinafunsa, chifukwa sindifuna milandu. Ndinati madamu, zonsezi n'zakufa? Anati katswiri wawo anatsimikiza kalekale. Katswiri ameneyo ndiye mukamufunse."

"Ndine."

Che Mukhtar anakanda ndevu. "Aa. Ndiye pepani kawiri." Anamutambasulira kachitsulo kaja. "Tengani, sindikulipiritsani."

Donald anakatembenuza m'manja. Kanali kozizira ndi kolemera kuposa maonekedwe ake. Popanda bodi kanali ngati mtima wa ng'ombe pambale ya wogulitsa nyama. Anakabwezera m'chitini, anathokoza, n'kutuluka mumsikamo.

Sanabwerere ku Chirimba. Anakafika kunyumba kwake ku Chilomoni dzuwa likadali pamwamba, n'kukhala patebulo ndi laputopu. Pamenepo m'pamene linamufikira ganizo limene limafikira aliyense amene bodza loyamba lamuthera: kuitana lachiwiri kuti lidzapulumutse loyambalo. Anali ndi zotsatira za mayeso a mwezi wathawo, chigamba chisanasinthidwe komaliza. Zinali zoyera, zopanda cholakwika. Kusintha deti ndi nambala ya chigamba inali ntchito yosafuna thukuta. Anasintha. Analemba imelo yonena kuti wayesa pamakina enieni ndipo zonse zayenda bwino. Chala chinaima pamwamba pa batani lotumizira.

Esther, mkazi wake, analowa atanyamula jumbo ya tomato ndi yunifolomu yoyera pamkono. Ankagwira ntchito yoyeza magazi pachipatala china chaching'ono.

"Abambo a Tiya, masana ano muli pakhomo? Akuchotsani ntchito kapena mwalemera?"

"Seva yapita."

"Yapita kuti? Ili ndi miyendo?"

Anamuuza zonse, za lole, za mbaula, za bodi yothyoka. Esther anaika tomato patebulo pang'onopang'ono n'kukhala pampando.

"Ndinakuuzani kuti muwauze abwana anu," anatero. "Munati mudzawauza dzina lanu likadzalowa m'kenelo, kuti adzachite manyazi okha. Chabwino, madzi akatayika saoleka. Nanga ichi mwatsegulachi n'chiyani?"

"Zotsatira."

"Za makina amene ali m'thumba ku Ndirande?"

"Za mwezi watha. Kusiyana kwake n'kochepa. Ndinangosintha mizere yowerengeka." Anayamba kulankhula mofulumira. "Palibe angadziwe, Esther. Makina amenewa atsala ochepa padziko lonse. Gregorio akungofuna kuona mawu akuti ndayesa. Zaka zonsezi zithere m'mbaula chifukwa cha mizere yowerengeka?"

Esther anasalaza yunifolomu pamaondo.

"Ndikuuzeni zoona," anatero. "Ineyo ndikulakalaka mutatumiza. Ndatopa nacho chigamba chanuchi. Chadya Loweruka lililonse la m'nyumba muno. Tiyanjane wakula akuona msana wa bambo ake. Munati chikalowa, makampani akunja adzakulembani ntchito muli pompano, ndipo ine ndinakhulupirira mpaka ndinauza amayi. Ndiye musaganize kuti ndine woyera. Koma ndifunse chimodzi. Mizere mwasinthayo, mukudziwa kuti ikugwira?"

"Ndikukhulupirira kuti ikugwira."

"Sindinafunse za chikhulupiriro. Kuntchito kwathu kunali munthu wina waulesi. Mzere ukatalika ankangoyang'ana nkhope ya wodwala n'kulemba kuti malungo palibe, magazi osawaika n'komwe pamakina. Nthawi zambiri ankalondola. N'chifukwa chake anakhalitsa." Anaimirira n'kutenga tomato wake. "Inu mwati chigambachi n'choti munthu wofufuza aone manambala oona. Chikamuonetsa abodza, adziwa bwanji?"

Analowa kukhitchini osadikira yankho.

Donald anayang'ana mizere ija. Inali yokhudza nthawi imene pulogalamu yafa purosesa isanamalize kubwezeretsa manambala akale, ndipo Gregorio anaumirira mayeso chifukwa pamenepo m'pamene zigamba za anthu ena zinkagwera. Mizereyo ikanakhala yolakwika, kenelo sikanakuwa. Ikanapereka manambala ooneka bwino, a mbali iyi m'malo mwa mbali iyo, ndipo munthu wina kudziko lina akanatha milungu akusaka cholakwika pamene palibe, akudalira chida chokhala ndi dzina la Donald Namakhwa. Iye mwini anali atayesapo kambirimbiri zinthu zimene ankazikhulupirira ndi mtima wonse, seva n'kugwa pomwepo.

Anafufuta imelo ija. Analemba ina yaifupi. Anati makina amene ankayeserapo awonongeka ndipo sangakonzeke, kuti mbali yatsopanoyo sinayesedwe, ndipo anapempha ngati pali wina pagulupo amene angamuyesere khomo lisanatsekedwe. Anatumiza. Wina asaganize kuti choonadi chochedwa chimabweza zimene bodza linadya. Chimangoletsa kuti lisadye zambiri.

Lachiwiri anapita kuntchito n'kukhalira kumanga mawaya pasukulu ina ya ku Nancholi, foni ili m'thumba la malaya. Maimelo a gulu la kenelo ankabwera monga mwa masiku onse, anthu akukangana za zinthu zina. Pa pempho lake panalibe anayankha.

Yankho la Gregorio linafika Lachitatu m'mawa, Donald atakhala pabenchi kunja kwa ofesi ya bwana. Linali laulemu. Anati wamva chisoni ndi za makinawo. Anati amene iye ankagwiritsa ntchito anazimitsidwa chaka chatha, ndipo anthu amene anawafunsa paokha analibe nthawi kapena analibenso makinawo. Chigamba chokhudza malo oopsa chotero sakanachilandira chosayesedwa. Anachiika pambali, ndipo sankayembekezera kuti nkhaniyi idzatsegulidwanso. Anamaliza ndi kuthokoza chifukwa cha kupirira kwa zaka zonsezo, n'kunena kuti inali ntchito yaukhondo.

Donald anawerenga kawiri. M'sitolo muja munkamveka amisiri akupaka penti ndi kukoka mipando yatsopano ya makasitomala. Anatsegula tsamba la gulu lija, anapeza polembetsa kuti asamalandirenso maimelo ake, n'kudina. Foni inafunsa ngati watsimikiza. Anavomera.

Chitseko chinatseguka. Mayi Lubna anasuzumira, ndipo ulendo uno nkhope yawo inalibe nthabwala.

"A Namakhwa, bwana akuti mulowe. Akuti mubwere ndi makiyi onse."

Donald anaika foni m'thumba, anamasula makiyi pa lamba, n'kulowa.